Zimene Ndinadula pa Kaseti ya Amayi

Kompyuta yanga yoyamba ndinaigula kwa mphunzitsi mnzanga amene ankasamukira ku Mangochi. Inafika kwathu ku Domasi pa njinga, itafunditsidwa bulangeti ngati wodwala malungo. Chinali chibokosi choyera chimene chinali chitayamba kale kuchita chikasu, ndipo ukachiyatsa chinkalira ngati chigayo cha kutsidya. Koma chinali ndi kathireyi kotuluka ukadina batani, ndipo ukaikapo sidi chinkatha kubena nyimbo, ndiko kuziwotchera pa sidiyo, monga amanenera pa Chingerezi. Ulemu umene ndinaupeza chifukwa cha kathireyi kameneko, zaka khumi za choko sizinandipatse. Loweruka lililonse anthu ankafika ndi makaseti awo m'majumbo: nyimbo za pa ukwati wawo, kwaya ya kwawo, ulaliki wa abusa amene anagona kalekale. Makaseti anali atayamba kusowa m'masitolo, mawayilesi ake akufa imodziimodzi, ndiye aliyense ankafuna kupulumutsa zake zisanathe.

Ntchito yake sinali yovuta, koma inkafuna kudekha, ndipo ine kudekha ndinabadwa nako kochepa. Kaseti umaiika mu wayilesi, n'kutenga nthambo kuchokera pa bowo la mahedifoni kukalumikiza kumbuyo kwa kompyuta. Kaseti ikakhala ya ola limodzi, umadikira ola lathunthu, palibe chidule. Pa galasi la kompyuta mawu ankaoneka ngati mzere wa mapiri: pamene anthu akuimba pamatukuka, pamene asiya pamakhala chigwa. Ine ndinali katswiri wa zigwa. Ndinkazidula zonse kuti nyimbo iliyonse iziyamba pomwepo, yoyera ngati ya m'sitolo. Kutsokomola, tambala, mwana wolira, benchi yokwekwesa, zonsezo ndinkazipeta ngati mankhusu a mpunga. Ndikatha ndiye kubena. Masidi amene ndinkagula ku Zomba ankabenedwa kamodzi kokha. Ukalakwitsa, kapena magetsi akazima ntchito ili pakati, sidi imeneyo yapita. Owonongekawo sindinkataya. A kabaza ankawapempha kuti akamange kumbuyo kwa njinga, ndipo amayi a kumadimba ankawapachika pa nsungwi m'minda ya mpunga kuti kunyezimira kwake kuziopseza mpheta.

Amayi anga anamwalira mvula ili pakati, chimanga chitangomasula. Sanadwale nthawi yaitali, moti ena anamva za maliro asanamve za matenda. Ababa anali mkamwini. Kwathu kuno mwamuna ndiye amasamuka n'kudzamanga kwa mkazi, ndipo iwo anachokera ku Phalombe ali mnyamata, atanyamula sowo ndi hamala, n'kukhala pa mudzi wa amayi zaka zoposa makumi anayi. Nyumba anamanga ndi iwo, mango anabzala ndi iwo, koma nthaka ndi zonse zomera pamenepo n'za kuchikazi. Mkazi akamwalira, pakapita miyezi ingapo abale ake amasonkhana n'kumusudzula mwamunayo, ndiko kumumasula kuti ukwati wathera pamenepa, ali ndi ufulu wobwerera kwawo. Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, ananena poyera kuti mwambo ndi mwambo koma palibe amene akuthamangitsa munthu.

"Alamu, nyumba ndi yanu iyi," anatero. "Ana ndi awa, zidzukulu ndi izi. Mukasaka chiyani kumeneko?"

Ababa anathokoza, n'kunena kuti mlendo ndi mame. Tinawachonderera, ine mpaka ndinawakalipira, koma ababa anali munthu woti akatseka pakamwa watseka. Ngakhale kutchalitchi ankakhala benchi yakumbuyo, buku la nyimbo lili chotsegula m'manja, milomo ili phee. Amayi ankakonda kuwaseka kuti, "Bambo ako amaimbira m'mimba." Tsiku lowasudzula linaikidwa Loweruka la pambuyo pa Pasaka.

Kutatsala sabata imodzi, ndinawapeza pakhonde atakhala pa mpando wawo wandalema, akupukuta wayilesi imene mchimwene wanga anawatumizira kuchokera ku Blantyre. Inali yamakono, yoimba sidi yokha, yopanda poika kaseti.

"Iwe," anandiitana, "makina ako aja amachotsa mawu pa kaseti iliyonse?"

"Iliyonse, ababa."

"Ili ndi amayi a kwaya ija. Muli amayi ako mmenemo. Ndikufuna ndipite nawo."

Sanapemphe china. Mipando imene anakhoma okha, mbuzi, malata, zonse anazisiya osaziyang'ana kawiri. Chimene ankafuna kunyamula pa mudzi umene anakalambirapo chinali mawu a mkazi wawo, ndipo woti awapatse ndinali ine.

Kaseti imeneyo inali ya kwaya ya amayi a mpingo wathu. Anaijambula zaka zambiri m'mbuyomo, Lachinayi lina masana m'tchalitchi momwemo, mwana wa mmodzi mwa iwo atabwera kuchokera ku Joni ndi wayilesi yojambula. Inkasungidwa kwa wapampando wa kwayayo, mayi wachikulire wosabisa mawu amene aliyense ankangowatchula kuti a tcheya. Ndinapitako Lolemba. Anaitulutsa pansi pa sutikesi, itakulungidwa mu duku yoyera.

"Aphunzitsi, kaseti iyi ndi imodzi yokha padziko lapansi," anatero asanaisiye m'manja mwanga. "Mwa amene anaimbamo, ambiri tinawaperekeza kale. Wayilesi yanu siidya makaseti?"

"Siidya."

"Yanganso sinkadya, mpaka tsiku limene inadya."

Anandionetsa pa kazenera kake pamene tepi inadukapo iwo n'kuilumikiza ndi utoto wa zikhadabo. Panali kabanga kofiira. Ndinalonjeza kuti ibwerera mawa lake.

Apa ndinene zoona, chifukwa cholakwa changa chinayambira pamenepa. Kaseti imeneyo sindinaimvere. Ukalumikiza nthambo pa bowo la mahedifoni wayilesi imakhala chete, mawu amangotulukira ku masipika a kompyuta, ndipo Lachiwiri m'mawa ine masipikawo ndinawazimitsa. Ndinadina batani, mapiri n'kuyamba kuyenda pa galasi, ine n'kutuluka kukachapa. Ndinadziuza kuti ndikupulumutsa nthawi. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Miyezi itatu inali isanakwane, ndipo sindinkafuna kumva amayi akuimba m'chipinda changa. Komanso, ndisabise, kwaya imeneyo sindinkaikonda. Ankakoka nyimbo ngati ngolo ili m'matope. Amayi anandipempha zaka ndi zaka kuti ndilowe nawo, ine n'kumazemba kuti Lachinayi ndimakhala ndi makope ochonga.

Nditabwerako kochapa ndinatembenuza kaseti, n'kupita kukayanika. Itatha ndinakhala pansi kuyamba kudula, ndipo ndinadula ndi maso, osati ndi makutu. Nyimbo zinalipo khumi ndi ziwiri, mapiri khumi ndi awiri. Patsogolo pa phiri lililonse panali tizidutswa ting'onoting'ono tonga nyerere. Ndinati ndi fumbi la kaseti yakale, n'kutichotsa tonse. Kenako ndinasunga zodulidwazo pamwamba pa zoyambirira zija, chifukwa mimba ya kompyuta yanga inali yaing'ono. Ndinabena, magetsi sanazime, sidi inatuluka bwinobwino. Ndinalembapo ndi maka, zilembo zanga za pabolodi, n'kuthamangira kukabweza kaseti kwa a tcheya dzuwa lisanapendeke. Pobwerera ndinkadzitama mumtima kuti ntchito yotere ngakhale ku Zomba sangaigwire.

Ababa anaimvera pakhonde, wayilesi ili pa miyendo. Anamvera yoyamba, yachiwiri, mpaka yakhumi ndi chiwiri, osasuntha. Ine ndinkasesa pabwalo pamene panali posesa kale, ndikudikira kutamandidwa. Itatha anaizimitsa.

"Zamveka bwino," anatero. "Zoyera ngati za m'tauni. Kodi amayi ako tsiku limenelo sanapite?"

"Anapita, ababa. Alimo. Ankaimba sekondi."

"Mu sekondi muli anthu khumi. Ine sindikufunsa za sekondi."

Anandiyang'ana ngati mwana amene wapeza ansala yolondola pa samu ina.

"Amayi ako ndiwo ankapereka kiyi," anatero. "Nyimbo isanayambe ankagogoda buku pa benchi kawiri, n'kung'ung'uza kaye kuti anzawo adziwe pokwerera. Akatero amati tiyeni, anzawo n'kulowa. Pamenepo pokha ndi pamene ali okha. Ndinaimvapo kaseti imeneyi kwa a tcheya, ndikukonza chitseko chawo. Pa nyimbo iliyonse alipo, kumayambiriro."

Tsache linandilemera m'manja. Ndinakumbukira nyerere zija, patsogolo pa phiri lililonse, ndi mmene ndinazichotsera mwachangu, imodziimodzi, ndikumwa tiyi. Mayi anga ndinawadula kakhumi ndi kawiri m'mawa umodzi, ndipo pa kompyuta panalibenso powapeza. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo manyazi anga amabwera atavala mkwiyo, moti ndinangoti, "Bwanji simunanene?" Ababa anatulutsa sidi, n'kundipatsa ndi manja awiri monga mmene munthu amabwezera mbale ya eni.

Lachitatu m'mawa ndinabwereranso kwa a tcheya. Ndinawapeza akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba.

"Yabwera dzulo, lero ikupitanso? Kaseti si mchere wopemphana, aphunzitsi."

Ndinafotokoza zonse, maso ali pansi. Anasiya kusenda.

"Mwadula kiyi? Ndiye amayi aja pa sidi yanuyo akuyamba bwanji nyimbo, akungogwa kuchokera kumwamba?" Anapukusa mutu. "Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo."

Analowa m'nyumba, n'kubwera nayo duku ija. Asanandipatse analankhulanso, motsitsa.

"Chimwalirireni amayi anu, Lachinayi lililonse timangoyang'anana. Aliyense amadikira mnzake ayambe. Pitani nayo, koma mudziwe kuti tepi imeneyi yatopa. Ikaduka pano sindikhulupirira kuti igwiranso."

Ulendo uno masipika ndinawayatsa. Poyamba kaseti inangoti shii, ngati mvula ya kutali. Kenako buku pa benchi, kawiri. Kenako iwo. Kung'ung'uza kwake kunali komweko kumene ndinakulira, kumene ankachita akamatsuka mbale, akamasankha nyemba, akamamanga nkhuni. Kunali komweko kumene ndinkawaletsa ndikamachonga makope pakhonde pawo. Ndinkati, "Amayi, phokoso." Iwo n'kusiya, pakapita mphindi ziwiri n'kuyambiranso osadziwa. Tsopano anali m'chipinda changa, akutenga mpweya, n'kunena motsitsa kuti, "Tiyeni." Ndinaimitsa wayilesi n'kulira. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda, kumene ndinali wotanganidwa ndi kulandira alendo.

Nditapukuta misozi, nzeru zanga zija zinabwereranso. Ndinati ababa akufuna amayi, ndiwapatsa amayi okhaokha, opanda mankhusu. Ndinayamba kujambula poyambira pokha. Amayi akangoti tiyeni ndinkaimitsa, n'kuthamangitsa kaseti mpaka nyimbo ithe, n'kujambulanso poyambira ina. Kuthamangitsa tepi yotopa chonchija kunali kusewera ndi moto, koma pa nthawiyo sindinaganize. Tizidutswa khumi ndi tiwiri tonse pamodzi sitinakwane mphindi ziwiri. Ndinabena sidi yachiwiri, n'kuinyamula kupita nayo pakhonde ngati ndanyamula mwana wakhanda.

Ababa anaiika mu wayilesi. Buku pa benchi, kung'ung'uza, "Tiyeni." Zii. Buku pa benchi, kung'ung'uza, "Tiyeni." Zii. Itafika yachinayi anakweza dzanja.

"Zimitsa."

Ndinayesa kuti chisoni chawagwira, ndipo ndinadziona kuti ntchito ndaitha. Koma nkhope yawo sinali ya munthu wothokoza.

"Wawasiya okha," anatero. "Akuti tiyeni, palibe akubwera. Akutinso tiyeni, palibe. Ukufuna ndikakhale kwathu ndikumva mkazi wanga akuitana anthu osamuyankha?"

"Ndiye mukufuna chiyani, ababa? Ndawachotsa mwakana, ndawabwezera mwakana."

"Ndikufuna usakhudze. Mmene ziliri mmenemo, ndi mbuzi zomwe."

Ndinalowa m'nyumba ndikung'ung'udza kuti nkhalamba sizikhutira. Koma ndisanafike ndi kuchipinda komwe ndinali nditadziwa kuti akunena zoona. Zii uja wa pambuyo pa tiyeni nanenso ndinamumva.

Lachinayi magetsi anazima kusanache bwino. Ndinakhala tsiku lonse ndikudina switchi ya pabalaza ngati kudina kungawaitane. Madzulo a tcheya anadutsa pochokera ku kwaya, atavala zoyera zawo, n'kuodira pa mpanda kufunsa ngati kaseti ikadali moyo. Ndinati ikadali. Lachisanu kunacha, magetsi kulibe. Ndinaganiza zomanga chibokosi chija pa njinga kupita nacho ku Malosa, koma wogulitsa nsomba wochokera komweko anati nakonso n'chimodzimodzi. Abale a ababa anali akufika madzulo a tsiku lomwelo, ndipo mawa lake ababa ankanyamuka. Iwo ankangolongedza zipangizo zawo za ukalipentala m'bokosi, chimodzichimodzi, osafunsa kanthu. Kusafunsa kwawoko kunkandipweteka kuposa kukalipa.

Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, chigayo cha kutsidya chinalira. Kwathu ndi mmene timadziwira kuti magetsi abwera.

Kompyuta ndinkaisunga kuchipinda kwanga poopa fumbi ndi maso a anthu, ndipo bambo salowa kuchipinda kwa mwana wake wamkazi akakula. N'chifukwa chake masiku onsewa ababa ankangolandira zothaitha pakhonde, osaona mmene ndikuphikira. Tsiku limenelo ndinazula nthambo zonse, n'kunyamulira chilichonse pabalaza. Ndinawaitana kuti alowe. Anavula chipewa pakhomo, n'kukhala pa mpando umene anakhoma okha, moyang'anizana ndi galasi.

Ndinabweza tepi ndi bolopeni, pang'onopang'ono, kuopa kuti wayilesi ingaikoke mwamphamvu. Ndinadina batani, n'kupinda manja. M'moyo wanga wonse wobena nyimbo, aka kanali koyamba kukhala pansi ola lathunthu n'kumvera kaseti ya munthu.

Zinalimo zambiri. Wina anatsokomola nyimbo yachiwiri isanayambe, ababa n'kunena kuti ndi amayi a kuseri kwa sukulu aja, ndipo chifuwa chimenecho n'chimene chinadzawatenga. Mbuzi inaliradi panja pa tchalitchi. Mwana wina anayamba kulira, n'kumveka mayi wake akumusuntha kuchokera kumsana kubwera kutsogolo, n'kutonthola. Ndipo nthawi iliyonse amayi akati tiyeni, amayi makumi atatu ankalowa pamodzi, mochedwa pang'ono, akukoka monga mwa masiku onse. Kukoka kuja kumene ndinkanyansidwa nako ndinakumva mwina. Sankathamangira kulikonse. Ankadikirana.

Chakumapeto kwa mbali yoyamba kabanga kofiira kaja kanayandikira. Ndinkakaona pa kazenera kakuzungulira. Mawu anayamba kupepesuka ngati a anthu oledzera, wayilesi n'kulira mwachilendo. Ndinatambasula dzanja kuti ndiimitse, ababa n'kundigwira pa mkono.

"Isiye. Ukaidzidzimutsa ndiye iduka."

Kanadutsa. Mawu anawongoka, tonse awiri n'kupuma.

Mbali yachiwiri munali chinthu chimene sindinkachidziwa n'komwe. Pa sidi yoyamba ndinachitaya ndikuyesa kuti ndi nyimbo yoduka, ndipo pa yachiwiri ndinachidumpha pothamangitsa tepi. Nyimbo yachisanu ndi chinayi isanayambe, amayi anapereka kiyi yokwera kwambiri. Anzawo analowa ndithu, mokhulupirika, n'kukwera nayo mpaka a fesiti anayamba kulira ngati ana a mphaka. Nyimbo inasweka pakati, tchalitchi chonse n'kufa ndi phwete. Pakati pa kusekako panamveka mawu a amayi, akusekanso okha.

"Aa, ndakweza. Pepani anzanga, tingathyoke makosi. Tiyambirenso."

Ababa anaseka mpaka kugwira bondo. Chichitikireni maliro ndinali ndisanawaone mano. Anaseka, kenako anatulutsa kampango n'kupukuta m'maso nthawi yaitali, nyimbo ikupitirira.

Kaseti itafika pamapeto sindinadule kanthu, ngakhale shii wa kumayambiriro. Ndinaika sidi pa kathireyi, n'kukankha. Kamzere kosonyeza mmene ntchito ikuyendera kanayamba kukwawa.

"Mumati kubena," anatero ababa, akusuzumira chibokosi. "Moto wake uli pati?"

"Ndi kakuwala kakang'ono, ababa. Sikaoneka."

"Chabwino. Bola kasawapsereze."

Khutu langa linali ku chigayo. Chikanangosiya kulira, ndiye kuti zathera pomwepo. Kamzere kanafika pakati, kanaima kaye monga kankachitira nthawi zonse, ine mtima uli m'mwamba, kenako kanapitirira mpaka kumapeto. Kathireyi kanatuluka kokha. Ababa anaitenga sidi m'mbali mwake monga ndinawaphunzitsira. Nditatenga maka kuti ndilembepo, anaibweza kumbuyo.

"Usalembe. Ndikuidziwa."

Loweruka m'mamawa, anthu asanasonkhane, anandiuza kuti nditenge sidi yachiwiri ija ndiwaperekeze kudimba. Mpunga wa amayi unali utayamba kucha. Anaubzala okha asanadwale, ndipo tsopano munda unali wanga. Mpheta zinali zitafika kale, ndipo m'minda ya anzathu masidi anga akale ankanyezimira pa nsungwi. Chaka chilichonse nyengo ngati imeneyi amayi ankaswera kumeneko, ataima pa mgula, akukuwa ndi kuwomba chitini mpaka mawu kusasa. Ababa anadula nsungwi, anaizika pangodya pamene amayi ankaima, n'kumangapo sidi ija ndi luzi.

"Iyi ikhale kuno," anatero. "Kuno ndiye ankafuula okha tsiku lonse, osadikira yankho."

Mwambo wake sunatenge nthawi. Tinakhala pansi pa mango amene ababa anabzala, akuchikazi mbali iyi, akuchimuna mbali iyo. Amalume analankhula, n'kuthokoza kuti mlamu wawo anasunga mlongo wawo mpaka kumuika m'manda, ndipo palibe mlandu uliwonse. Akwawo kwa ababa anayankha. Tinamwa thobwa. Zaka makumi anayi zinakwana mu sutikesi imodzi, bokosi la zipangizo ndi wayilesi. Sidi anaikulunga m'kampango n'kuiika m'thumba la m'kati la jekete. Tinawaperekeza mpaka kumsewu, ndipo kondakitala wa minibasi atafuna kuwapanikiza kumpando wakumbuyo, ababa anakana, dzanja lili pachifuwa, mpaka anawapatsa wakutsogolo.

Kaseti ndinaibweza yamoyo, pamodzi ndi sidi ina yonga ya ababa. A tcheya anailandira n'kunena kuti mwina aphunzitsi akuphunzitsika. Kuyambira pamenepo aliyense wobweretsa kaseti ndinkamukhazika kaye pabalaza, timvere limodzi, andiuze yekha kuti phokoso ndi liti. Ambiri ankati ndisachotse kanthu.

Ndinapita kukawaona ababa patchuthi chotsatira, mwezi wa fumbi. Ndinatsika galimoto kumsika, n'kuyenda wapansi mtunda wautali, thumba la mpunga wa m'munda wa amayi lili pamutu. Anali atamanga kanyumba kakang'ono pafupi ndi mlongo wawo. Ndisanafike, ndili kuseri kwa nkhokwe, ndinamva wayilesi. Buku pa benchi, kawiri. Kung'ung'uza. Ndinaima kuti nditule thumba.

"Tiyeni," anatero amayi.

Ndipo panalowa mawu a mwamuna, besi yosasa, yosazolowera ntchito, yophonya pang'ono kiyi imene yangoperekedwa kumene. Ndinasuzumira. Ababa anali pakhonde okha, akupala thabwa, wayilesi ili pa mpando pambali pawo. Munthu amene zaka makumi anayi anakhala benchi yakumbuyo milomo ili phee ankaimba mokweza, mawu onse akuwadziwa pamtima. Amayi a kwaya aja ankachedwa kulowa monga mwa chizolowezi chawo, koma ababa sankawadikira. Mkazi wawo akangoti tiyeni, iwo ndiwo ankayamba kuyankha.

Ndinakhala pa thumba langa kuseri kwa nkhokwe mpaka nyimbo itatha, kenako ndinaodira.